Dzina lija la pakhoma ku High Museum: mayi Anne Cox Chambers

Nachisale wa ku Marietta

Moni nonse pagulu pano. Lamlungu lapitali ndinatenga mwana wanga wamkazi kupita naye ku High Museum of Art, nyumba yoonetsera zithunzi ndi zaluso, pa Peachtree Street mu Atlanta muno, poti Lamlungu lachiwiri la mwezi salipiritsa pakhomo. Tinatsika sitima pa Arts Center n'kuyenda pang'ono. Nyumba zake ndi zoyera mbee, ndipo ina mumaifika podutsa pa kamlatho ka magalasi. Imeneyo ili ndi dzina la Anne Cox Chambers. Mwana anaima n'kundikoka dzanja, amvekere, "Amayi, ameneyu ndiye anajambula zonsezi?" Ndinati ayi, ndikuuza tikafika kunyumba. Usiku ndinakhala pansi kuwerenga za mayiwa mpaka tulo kuthawa.

Anabadwira ku Dayton, Ohio, pa 1 Disembala 1919, ndipo anamwalira mu Atlanta pa 31 Januwale 2020 ali ndi zaka 100. Bambo awo, James M. Cox, anagula kanyuzipepala ku Dayton mu 1898, kamene kanadzakhala Dayton Daily News. Anakhalapo bwanamkubwa wa Ohio, ndipo mu 1920 anaimira chipani cha Democratic pa upulezidenti, wachiwiri wawo ali Franklin Roosevelt, koma anagonja kwa Warren Harding. Mu 1939 anagula Atlanta Journal pamodzi ndi wailesi ya WSB, mu 1950 n'kuwonjezapo Atlanta Constitution. Bambowo atamwalira mu 1957 kampani inatsala m'manja mwa mlongo wawo wa mayi wina, James Cox Jr., ndipo iyenso atamwalira mu 1974 zonse zinagwera Anne ndi mng'ono wawo Barbara. Pulezidenti Jimmy Carter anawatumiza ku Belgium ngati kazembe kuyambira 1977 mpaka 1981.

Koma chimene chandigwira mtima si ndalamazo ayi. Mu 2008, ali ndi zaka 88, gogo ameneyu ankayenda khomo ndi khomo kuchitira kampeni Obama. Ine ntchito imeneyo ndinaigwirapo mu 2022, ndikuidziwa. Amakupatsa mndandanda wa manambala a nyumba, dzuwa la Georgia likuswa mtengo, galu akukuuwa kuseri kwa mpanda, wina amangotsegula katani n'kukuyang'ana osatuluka. Ine ndinkabwerako mapazi atatupa ndili ndi zaka 40 zokha. Munthu amene akanatha kungolemba cheke n'kukhala pamthunzi anasankha kugogoda pazitseko za anthu osamudziwa. Ndiye ndimafuna ndimve maganizo anu ndisanamufotokozere mwanayu.

Malume a ku Leeds

Mdzukulu wanga, nkhani mwaiyamba bwino, koma ine ndiyankhula mosapsatira. Ukazembe uja unali malipiro. Mayiwa anali kumbuyo kwa Carter ndi thumba lawo kuyambira ali wandale wa ku Georgia chabe, ndipo nyumba yawo ku Buckhead, dera la olemera mu Atlanta, inali kutsidya kwa msewu kuyang'anizana ndi nyumba ya bwanamkubwa, pa West Paces Ferry Road, kumene Carter ankakhala kuyambira 1971 mpaka 1975. Mnansi wolemera, wothandiza kampeni, kenako kazembe. Pali anthu amene amalowa ntchito ya ukazembe ali anyamata, n'kukalamba akusamuka m'maiko a malungo ndi nkhondo, koma Brussels, likulu la Belgium, saiona. Zimenezo zimandipweteka.

Nachisale wa ku Marietta

Malume, zoti anathandiza Carter palibe akutsutsa. Koma kodi kuthandiza munthu amene ukumukhulupirira ndi mlandu?

Malume a ku Leeds

Kuthandiza si mlandu. Kulandira mpando chifukwa chothandiza ndiye vuto.

Aphunzitsi opuma

Ndiloleni ndiikepo mawu, poti nkhani ya akazembe a ku America imasokoneza anthu ambiri. Kumeneko ndi mwambo wakalekale kuti mwa akazembe khumi alionse, pafupifupi atatu amakhala osankhidwa pa ndale, osati ochokera mu unduna. Zipani zonse ziwiri zimachita. Pulezidenti amatchula dzina, nyumba ya Senate imavomereza. Malikulu a ku Ulaya ngati London, Paris ndi Brussels kawirikawiri amapita kwa anthu a chuma, ndipo chifukwa china n'chakuti madyerero ndi kulandira alendo kumeneko zimadya ndalama zoposa zimene boma limapereka, kazembe amapisa m'thumba mwake. Chodabwitsa n'chakuti Carter yemweyo ndiye anasaina lamulo la 1980 lokhudza ntchito ya ukazembe, limene limanena kuti zopereka za kampeni zisamakhale chifukwa chosankhira kazembe. Ndiye a Malume ali ndi poimira, chifukwa ngakhale Aamerika eni ake mwambowu umawachititsa manyazi.

Komabe tisaiwale kuti mayiwa sanachokere kukhitchini kupita ku Brussels. Anali mkazi woyamba mu Atlanta kukhala pa bodi ya banki, ya Fulton National, komanso mkazi woyamba pa bodi ya bungwe la amalonda la mzindawo. Atabwerako ku Belgium anakhalanso pa bodi ya Coca-Cola. M'zaka zimenezo, kum'mwera kwa America, mkazi pa tebulo ngati limenelo anali ngati nyenyezi ya masana.

Wa ku Chipata

Muli bwanji nonse. Ine ndingokumbutsa kuti Brussels ya zaka zimenezo sinali ya tiyi ndi makeke okhaokha. Mu Meyi 1978 zigawenga za ku Katanga zinachoka ku Angola, kudutsa pakona ya dziko lathu la Zambia cha ku Mwinilunga, n'kulanda Kolwezi, tauni ya migodi ku Zaire (DR Congo ya lero). Anthu ambiri anaphedwa, akuda ndi azungu omwe. France ndi Belgium anatumiza asilikali a maparachuti, ndipo ndege za America zinathandiza kunyamula katundu wa nkhondo. Atate anga nthawi imeneyo ankagwira pa mgodi ku Chingola, ankatiuza kuti anthu ankagona khutu lili pa wailesi poopa kuti moto udumpha malire. Zonsezo zinachitika mayiwa ali kazembe ku dziko limene linali mtsamunda wa Congo. Chaka chotsatira, mu Disembala 1979, NATO inagwirizana zoika mizinga yatsopano ku Ulaya, ndipo Belgium inazengereza kulandira gawo lake. Boma la kumeneko nalo linkagwa pafupipafupi chifukwa cha mkangano wa olankhula Chifulenchi ndi olankhula Chidatchi. Amene anakhala pampando umenewo zaka zitatu ndi theka anali pamoto.

Malume a ku Leeds

Mwanena zoona achimwene a ku Chipata, koma mwandithandiza ine. Ngati kunali moto wotero, bwanji osatumiza munthu amene anaphunzira kuzimitsa? Komanso America imakhala ndi kazembe wina wa ku NATO mu Brussels momwemo, ndiye zolemera zambiri zimapita kwa ameneyo.

Wa ku Chipata

Wa ku NATO amakamba ndi NATO, malume. Koma wokanyengerera nduna yaikulu ya Belgium ndi kazembe wa ku Belgium. Ndipo boma lililonse limakonda kazembe amene akaimba foni ku White House imayankhidwa. Pamenepo mnansi wakale wa pulezidenti amaposa katswiri.

Mkonzi wakale

Za ukazembezo ndazimva, koma kwa ine amene ndakalambira m'chipinda cha nkhani, muyeso wa mwini nyuzipepala ndi umodzi: kodi amaimba foni usiku pepala lisanapite ku makina? Ine inandipeza foni imeneyo. Tinali ndi nkhani ya kontirakiti yonunkha, zikalata zonse zili pa tebulo, mnyamata amene anaifufuza ataikhalira miyezi iwiri. Cha m'ma 9 koloko usiku foni inalira, mawu a mwini kampani anali aulemu kwambiri, "Bambo, ija mwaika kutsogoloyo tiyeni tiigoneke kaye." Inagona mpaka lero. Mnyamata uja anasiya utolankhani, pano amagulitsa matayala. Ndiye ndikamamva za mwini nyuzipepala ndimayamba ndafunsa zimenezo.

Pa nkhani ya banja la Cox pali mbali ziwiri, ndipo zonse ndi zolemera. Mbali yoyamba: Atlanta Constitution ili m'manja mwawo ndi imene inasunga Ralph McGill, mkonzi amene ankalemba motsutsa tsankho pamene azungu ambiri a kum'mwera ankamutukwana ndi kumuopseza. Anapata mphoto yaikulu ya utolankhani ya Pulitzer mu 1959. Eugene Patterson, amene anamutsatira, anapatanso yake mu 1967. Ndiponso taonani izi. Pa chisankho cha ubwanamkubwa cha 1970 nyuzipepala za Atlanta zinali kumbali ya Carl Sanders, mdani wa Carter, ndipo mkonzi Reg Murphy ankamunyoza Carter poyera pamene anayamba kulakalaka upulezidenti. Mwana wa mwini pepala akuthandiza munthu, pepala la kwawo likumukwapula munthu yemweyo. Kwathu kuno mkonzi wotero sangaone dzuwa la mawa ali pa ntchito.

Mbali yachiwiri ndi ya 1988. Kampani inabweretsa Bill Kovach kuchokera ku New York Times mu 1986 kuti adzakonze mapepala a Atlanta. Pansi pa iye mtolankhani Bill Dedman anafufuza ngongole za nyumba, n'kupeza kuti mabanki a mzindawo ankabwereketsa m'madera a azungu kuwirikiza kasanu kuposa m'madera a anthu akuda opeza ndalama zofanana. Mabanki atachita manyazi analonjeza madola 65 miliyoni a ngongole za chiwongola dzanja chotsika, ndipo nkhaniyo inapata Pulitzer mu 1989. Koma mphotoyo inafika Kovach atachoka kale, anatula pansi udindo mu Novembala 1988 atasemphana ndi mabwana a kampani. Anthu anachita kuguba mumsewu kudandaula. Akampani ankati mkangano unali wa kayendetsedwe ka ntchito, pamene ambiri mumzinda ankakhulupirira kuti anaponda zala za akuluakulu a malonda. Mayi Chambers anali wapampando wa mapepala a Atlantawo, ndipo Kovach anapita ndithu. Ine pamenepo mtima wanga sunakhazikike mpaka pano. Kusalowerera ndi ulemu pamene mkonzi akugwira ntchito, koma pamene akukankhidwira pakhomo, kukhala chete kwa mwini kumapweteka ngati foni ija.

Nachisale wa ku Marietta

Abambo, zikomo kwambiri. Ya Kovachiyo sindinaione m'zimene ndinawerenga, zambiri zimangokamba za maluwa ndi mamendulo. Ya ngongoleyo yandikhudza chifukwa ife tinavutika zaka zitatu kuti tipeze ngongole ya nyumba yomwe tikukhalayi.

Namaseko

Ine ndakhala ndikungowerenga, koma pa nkhani ya cholowa sindingakhale chete. Inu mukuona kazembe, mukuona nyuzipepala. Ine ndikuona ana aakazi awiri amene bambo awo anamwalira, mlongo wawo anamwalira, ndipo palibe anabwera ndi lole kudzapakira katundu.

Bambo anga anali ndi chigayo, sitolo ndi ng'ombe 14. Anamwalira Lachitatu, tinaika Lachisanu. Sabata isanathe, abale awo anakhala pansi pa mtengo wa mango paja bambo ankakonda kuwerengera ndalama za chigayo, n'kugawana zonse, ife ana aakazi anayi tili pamphasa ndi amayi tikungomvera. Anati ana aakazi akakwatiwa chuma chipita kwa eni ena. Amayi anatsala ndi mapoto, bedi ndi wailesi. Chigayo chija sichinathe zaka ziwiri, injini inafa, anagulitsa zitsulo kwa a sikirapu. Ndikadutsa pamalopo pali chikhoma chokha ndi fungo la dizilo limene silinachoke pansi.

Bambo Cox anaika masheya a kampani mu trust, kutanthauza m'manja mwa osungira ana chuma mwalamulo, ali moyo, ndiye panalibe wolanda, panalibenso wothamangira kugulitsa. Ana aakazi aja sanaphwasule. Sanadziyese akatswiri a zonse, anasiya oyendetsa aziyendetsa, poyamba mwamuna wa Barbara, kenako mu 1988 mwana wa Barbara, Jim Kennedy. Kampani inakula kuposa mmene bambo awo anaisiyira. Mu 2015 mayi Chambers, ali ndi zaka 95, anagawa gawo lawo lonse la 49 peresenti kwa ana awo atatu mofanana, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, maso awo akuona. Magazini ya Forbes nthawi imeneyo inkati chuma chawo chinali pafupifupi madola 17 biliyoni. Anagawa ali moyo, mofanana, osayang'ana kuti uyu ndi mkazi. Amayi anga akanamva zimenezi akanalira.

Aphunzitsi opuma

Pepani kwambiri mayi Namaseko. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye ku Malawi limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma inuyo linakupezani mochedwa, ndipo kumudzi ambiri sanalimvebe.

Mkonzi wakale

Mayi, mwayankhula kuchokera pansi pa mtima. Pepani.

Kamnyamata ka magalimoto

Pepani amayi. Ine ndingowonjeza kuti anthu akamati chuma cha nyuzipepala amaphonya. Ndalama zenizeni za Cox zinadzachokera kwina. Analowa bizinesi ya kanema wa pa waya mu 1962, imene pambuyo pake inadzakhala ya intaneti ya m'nyumba. Mu 1968 anagula Manheim, okishoni ya magalimoto. Ine ndimagwira kwa dila wina kuno ku Texas, sabata iliyonse timagula pa Manheim, mtengo timayang'ana pa Kelley Blue Book, kutsatsa timatsatsa pa Autotrader, ndipo zonse zitatuzo ndi za Cox. Galimoto imodzi imawadyetsa katatu isanafike kwa mwini wake. Panopa akuyendetsa kampani ndi Alex Taylor, mdzukulu wa mayi omwewa, kuyambira 2018.

Malume a ku Leeds

Mayi Namaseko, nkhani yanu yandifooketsa, ndipo pa kugawa mofanana ndavula chipewa. Koma ndibwererenso ku khoma lija mdzukulu wanga anaona. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Munthu wa mabiliyoni akapereka ku nyumba ya zithunzi dzina lake limalembedwa pakhoma, msonkho umatsika, anzake olemera amamuombera m'manja pa madyerero. Anapereka ku High Museum, ku dimba la maluwa la Atlanta Botanical Garden, ku bungwe losamala agalu ndi amphaka. Anali ndi nyumba ndi dimba lotchuka ku Provence, kum'mwera kwa France, ndipo Afulenchi anawapatsa mendulo ya Légion d'honneur. Zonsezo ndi zokoma. Koma Atlanta ndi umodzi mwa mizinda ya America imene olemera ndi osauka atalikirana kwambiri. Kuchoka ku Buckhead kupita kum'mwera kwa mzinda ndi ulendo waufupi pa galimoto, koma ukafika umaona ngati wasintha dziko. Ndi chuma chimenecho akanamanga nyumba zingati?

Nachisale wa ku Marietta

Malume, za kutalikiranako ndimaziona ndi maso tsiku lililonse, ndimagwira ntchito yosamala okalamba mbali zonse ziwiri za mzinda. Sindikutsutsani. Koma pa zithunzipo ndiima nanu pang'ono.

Mzinda uno uli ndi bala. Pa 3 Juni 1962 ndege ya Air France inagwa ikunyamuka pa bwalo la Orly ku Paris, ndipo mwa omwalirawo 106 anali a ku Atlanta, anthu okonda zaluso amene anapita kukaona nyumba za zithunzi za ku Ulaya. Likulu la zaluso limene High Museum ili mbali yake lero linamangidwa powakumbukira, ndipo boma la France linapereka chiboliboli cha wosema wotchuka Rodin chimene chili panja pa kapinga. Amene anatsala, mayi Chambers ali m'gulumo, ananyamula ntchito ya anzawo amene sanabwerere. Mu 1965 anali mmodzi mwa amayi amene anayambitsa Forward Arts Foundation. Nyumba ya dzina lawo inatsegulidwa mu 2005, wojambula mapulani ali Renzo Piano wa ku Italy, ndipo kuyambira 2006 mpaka 2009 anathandiza kuti zinthu za ku Louvre, nyumba yaikulu ya zithunzi ya ku Paris, zibwere kudzaonetsedwa kuno. Anathandizanso Atlanta Speech School, sukulu ya ana ovutika kumva ndi kulankhula.

Lamlungu lija m'nyumbamo munadzaza. Munali mabanja a anthu akuda, a ku Mexico, a ku Ethiopia, ana akukhala pansi ndi makrayoni. Mwana wanga anaima pa chithunzi chimodzi mphindi mwina khumi osayankhula, mwana woti kunyumba sakhala chete. Ine ndinakula osaonapo chithunzi chojambula pamanja chopachikidwa pakhoma, kupatula kalendala. Njala ya mimba ndimaidziwa, malume, koma nayonso iyi ndi njala.

Malume a ku Leeds

Masiku aulere ndi ochepa pamwezi, mdzukulu wanga. Masiku enawo pakhomo pali mtengo.

Nachisale wa ku Marietta

Eya, ndi ochepa. Ndikanakonda akanakhala masiku onse.

Mkonzi wakale

A Malume, funso lanu la nyumba zingati ndi labwino, koma ine ndingalifunse mwina. Chinthu chachikulu chimene banja limeneli likanapatsa osauka a Atlanta si cheke, ndi nyuzipepala yolimba mtima. Nkhani imodzi ya Dedman inatulutsa madola 65 miliyoni m'mabanki, ndipo inachititsa kuti anthu m'mizinda ina ayambe kufunsa mabanki awo mafunso omwewo. N'chifukwa chake kuchoka kwa Kovach ndimakuwerengera kwambiri kuposa dimba lililonse. Komabe ndinene chilungamo, pepalalo silinafe mtima. Cynthia Tucker, mayi wachikuda, anadzakhala mkulu wa tsamba la ndemanga, n'kupata Pulitzer mu 2007. Mapepala awiri aja anaphatikizidwa kukhala limodzi mu 2001, ndipo pamene banjali linagulitsa gawo lalikulu la mawailesi a kanema mu 2019, la Atlanta analisunga.

Namaseko

Achemwali a ku Marietta, mukamamuuza mwanayo musayambe ndi mabiliyoni. Muyambe ndi zoti anali ana aakazi awiri, ndipo katundu wa bambo awo sanawonongeke m'manja mwawo. Ine ndinakula ndikumva kuti mwana wamkazi sasunga chuma, ndipo ndinazikhulupirira mpaka nditakula.

Wa ku Chipata

Mumuuzenso za Kolwezi akadzakula, adziwe kuti mbiri ya kwa azungu ndi yathu zimakumana m'malo osayembekezeka.

Malume a ku Leeds

Ndipo mumuuze kuti ukazembe anaupeza bwanji. Musabise.

Nachisale wa ku Marietta

Sindibisa malume. Ndamuuza madzulo ano tikutsuka mbale, za bambo awo, za mng'ono wawo, za Carter kutsidya kwa msewu, za mkonzi amene anachoka. Za mayi Namaseko ndamuuzanso, osatchula dzina, ndipo anasiya kupukuta mbale n'kufunsa kuti ng'ombe zija zinapita kuti. Kenako wafunsa ngati gogo uja pogogoda pazitseko ankanena kuti iye ndi ndani, kapena anthu ankangoona nkhalamba yanyamula timapepala. Akuti chisankho chikubwerachi akufuna adzayende nane, azidzanyamula botolo la madzi ndi mndandanda.

Mwezi wamawa Lamlungu lachiwiri tipitanso, ulendo uno tikayambira panja pa chiboliboli chija. Amene muli cha kuno ku Atlanta mundiuze, tikakumane pa siteshoni ya Arts Center cha m'ma 12 koloko, anthu asanachuluke pamzere.